Kodi ngongole imawola? Zimene lamulo la ku South Africa limanena pa ngongole zakale ndi mbiri ya wokongola

JOHANNESBURG — Akuluakulu akale ankati mlandu suwola, ndipo anthu ambiri amakhulupirira kuti ngongole nayo ili chimodzimodzi. N'chifukwa chake munthu akalandira lamya kuchokera kwa wotolera ngongole, n'kukumbutsidwa za zovala kapena mipando imene anatenga pangongole m'sitolo zaka zingapo zapitazo, amayamba ndi kupepesa. Akatero amalonjeza kuti pakutha pa mwezi aperekako kangachepe, ngakhale R50 yokha, kuti asamavutitsidwenso.

M'dziko la South Africa, kupepesa ndi kulonjeza kotereku kuli ndi zotsatira zake pamaso pa lamulo. Ngati ngongoleyo inali itatsala pang'ono kutha mphamvu, mawu amenewo amaipatsa moyo wa zaka zina zitatu. Ngati inali itatha kale mphamvu, ndiye kuti munthuyo wayamba kulipira ndalama zimene palibe khothi likanamukakamiza kulipira akanadziwa ufulu wake.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ochuluka. Malingana ndi malipoti a bungwe la National Credit Regulator, limene limayang'anira nkhani za ngongole m'dzikoli, pofika kumapeto kwa chaka cha 2023 anthu opitirira 27 miliyoni anali ndi mbiri m'mabuku a makampani osunga mbiri ya okongola. Mwa anthuwa, pafupifupi 10 miliyoni anali ndi mbiri yothimbirira: ena anali atatsalira m'mbuyo ndi miyezi itatu kapena kuposerapo, ena analembedwa kuti akanika kubweza, ndipo ena anali ndi zigamulo za khothi. Malamulo amene amakhudza anthu amenewa ndi omwewonso amene amakhudza nzika za Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zimene zikugwira ntchito m'dzikoli ndipo zinatsegula akaunti m'mabanki ndi m'masitolo a kumeneko.

Zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza

Ngongole iliyonse yotengedwa ku banki kapena m'sitolo imakhala ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi zimene zalembedwa za wokongolayo m'kaundula wa makampani osunga mbiri. Mbali yachiwiri ndi mphamvu imene mwini ndalama ali nayo yotengera wokongolayo ku khothi. Mbali iliyonse ili ndi lamulo lake ndi nthawi yake. Dzina likhoza kuyera m'kaundula pamene ngongole ikadalipo, ndipo ngongole ikhoza kutha mphamvu pamene dzina likadali lolembedwa molakwika.

Kaundula amayendetsedwa ndi lamulo lotchedwa National Credit Act la chaka cha 2005, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 June 2007 ndipo linalowa m'malo mwa malamulo akale a 1968 ndi 1980. Mphamvu yosumira wokongola imayendetsedwa ndi lamulo lina lakale, Prescription Act la chaka cha 1969. Munthu wofuna kuthana ndi ngongole zake zakale ayenera kudziwa malamulo onse awiri.

Zimene zimalembedwa m'kaundula

Makampani osunga mbiri ya okongola si a boma, koma amayenera kulembetsa ku bungwe la National Credit Regulator. Odziwika kwambiri ndi TransUnion, Experian ndi XDS. Anthu ambiri m'dzikoli amanenabe kuti munthu wakutiwakuti "ali pa ITC", potengera dzina la kampani yakale imene tsopano ndi TransUnion. Mwezi ndi mwezi mabanki, masitolo, makampani a lamya ndi ena obwereketsa amatumiza kumakampaniwa ndondomeko ya mmene kasitomala aliyense walipirira.

M'lipoti la munthu mumapezeka dzina lake, nambala ya chiphaso kapena ya pasipoti, kumene wakhala akukhala, maakaunti ake onse a ngongole, ndalama zotsala pa akaunti iliyonse, miyezi imene analipira panthawi yake ndi imene anachedwa, zigamulo za khothi, ndiponso mayina a onse amene anafunsako za mbiri yake. Lamulo silola kuti m'kaundulamu musungidwe mtundu wa munthu, chipembedzo chake, chipani chimene amatsatira, matenda ake kapena umembala wake m'bungwe la anthu apantchito.

Kuchokera pa zolembedwazi, kompyuta imawerengera malikisi osonyeza ngati munthuyo ndi wodalirika pobweza. Njira imeneyi inatchuka ku America, kumene kampani ya Fair Isaac inayambitsa malikisi otchedwa FICO mu 1989, oyambira pa 300 kulekeza 850. Ku South Africa kampani iliyonse ili ndi muyeso wakewake. Wa TransUnion umafika 999. Choncho munthu mmodzi akhoza kukhala ndi malikisi osiyana kumakampani awiri popanda cholakwika chilichonse, ndipo mabanki nawo amakhala ndi njira zawo zowerengera.

Ngakhale miyeso ili yosiyana, zimene zimakweza kapena kutsitsa malikisi ndi zofanana. Chachikulu ndi kulipira panthawi yake. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ngongole poyerekeza ndi malire amene munthu analoledwa: khadi limene limakhala lodzaza mwezi uliwonse limasonyeza kuti mwini wake wapanikizika, ngakhale atakhala kuti sanaphonyepo kulipira. Zina ndi kutalika kwa nthawi imene munthu wakhala ndi maakaunti, ndi kuchuluka kwa malo amene wapemphako ngongole m'nthawi yochepa. Munthu akaitanitsa lipoti lake iye mwini, malikisi ake satsika.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti munthu amene sanakongolepo sakhala ndi malikisi apamwamba. Amakhala wosadziwika, chifukwa palibe chimene kompyuta ingamuyesere. Vutoli limagwera kwambiri anthu ochokera kunja, poti mbiri yabwino imene munthu anaipanga ku Blantyre kapena ku Lusaka kawirikawiri siimutsatira akawoloka malire. Anthu oterewa ayeneranso kuonetsetsa kuti banki ndi masitolo ali ndi nambala yolondola ya pasipoti yawo akatenga yatsopano, kuti mbiri yawo isagawanike.

Nthawi imene mbiri yoipa imakhala m'kaundula

Palibe amene amalembedwa m'kaundula moyo wake wonse. Malamulo amene anakonzedwanso mu 2015 anaika malire a nthawi. Ndondomeko ya kalipiridwe ka mwezi ndi mwezi imaonekera kwa zaka zisanu. Chizindikiro chakuti munthu wakanika kubweza, kapena kuti akaunti yake yaperekedwa kwa otolera ngongole, chimakhala chaka chimodzi. Chigamulo cha khothi chimaonekera kwa zaka zisanu, pokhapokha ngati chafafanizidwa ndi khothi kapena ngongoleyo yalipiridwa. Mayina a amene anafunsa za mbiri ya munthu amakhala chaka chimodzi.

Wobwereketsa asanatumize mbiri yoipa, ayenera kuchenjeza wokongola masiku 20 ogwira ntchito nthawi isanakwane. Wokongola akamaliza kulipira, wobwereketsa ali ndi masiku asanu ndi awiri oti adziwitse makampani osunga mbiri, ndipo makampaniwo ali ndi masiku ena asanu ndi awiri oti achotse chizindikiro choipacho. Chimene sichichoka ndi ndondomeko ya miyezi imene munthuyo anachedwa kulipira. Imeneyo imadikira zaka zake zisanu.

Munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira lipoti lake kwaulere kamodzi pachaka kuchokera ku kampani iliyonse yosunga mbiri. Akapezamo cholakwika, amadandaula ku kampaniyo popanda kulipira, ndipo kampaniyo imakhala ndi masiku 20 ogwira ntchito oti ipeze umboni. Umboni ukasowa, zolembedwazo ziyenera kuchotsedwa. Pachifukwa ichi, anthu amene amalengeza kuti angathe kuyeretsa dzina la munthu akawalipira ndalama sachita chilichonse chimene mwini wake sangachite yekha, ndipo mbiri yoona sangaichotse nthawi yake isanakwane.

Chitsanzo chabwino cha kusiyana kwa kaundula ndi ngongole chinaoneka mu 2014. Pa 1 April chaka chimenecho, malamulo amene anakhazikitsidwa ndi nduna ya zamalonda ndi mafakitale panthawiyo, a Rob Davies, analamula makampani osunga mbiri kuti achotse zizindikiro zoipa zimene zinali pa mayina a anthu, pamodzi ndi zigamulo za khothi zimene zinali zitalipiridwa kale. Cholinga chinali chakuti anthu athe kupeza ntchito ndi nyumba za lendi. Koma lamuloli silinakhululukire munthu ngongole ngakhale imodzi. Amene analeka kulipira poganiza kuti boma lawakhululukira anadzapezekanso m'kaundula.

Mmene ngongole ya pakhadi imakulira

Ngongole zambiri zakale zimayambira pa khadi, kaya la ku banki kapena la m'sitolo. Khadi la ngongole ndi losiyana ndi khadi limene munthu amatapira ndalama zake za mu akaunti. Ndalama za pa khadi la ngongole ndi za banki, ndipo munthu amaloledwa kuzigwiritsa ntchito mpaka pa malire amene agwirizana. Makhadi ambiri a m'mabanki a ku South Africa amapereka masiku ofika 55 opanda chiwongoladzanja pa katundu wogulidwa, koma pokhapokha ngati mwini khadi walipira ndalama zonse za pa sitetimenti tsiku loikika lisanadutse. Akatapa ndalama pa makina, chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo.

Sitetimenti iliyonse imasonyeza ndalama zochepetsetsa zimene munthu angalipire kuti asaoneke wolephera. Apa ndi pamene pali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi ngongole ya R10,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pachaka, ndipo waleka kugula china chilichonse ndi khadilo. Mwezi woyamba chiwongoladzanja chokha ndi pafupifupi R167. Akamalipira R300 pamwezi, ngongoleyo idzatha patapita miyezi pafupifupi 49, atapereka ndalama zokwana pafupifupi R14,700. Akamalipira R1,000 pamwezi, idzatha m'miyezi pafupifupi 11, atapereka pafupifupi R11,000. Chiwerengerochi sichinaphatikize ndalama zoyendetsera akaunti ndi za inshuwalansi zimene zimawonjezeredwa mwezi ndi mwezi.

Lamulo linaika malire pa chiwongoladzanja. Kuyambira mu May 2016, chiwongoladzanja cha pa khadi sichiyenera kupitirira chiwongoladzanja chimene banki yaikulu ya South African Reserve Bank imabwereketsera mabanki, kuwonjezerapo 14 peresenti. Pa ngongole zopanda chikole amawonjezera 21 peresenti. Banki siiloledwanso kukweza malire a khadi popanda chilolezo cha mwini wake. Komanso wobwereketsa aliyense ayenera kufufuza kaye ngati munthuyo angakwanitse kubweza. Akapanda kutero, khothi likhoza kugamula kuti ngongoleyo inaperekedwa mosasamala, n'kuimitsa mgwirizanowo kapena kumasula wokongola ku gawo lina la ngongoleyo ngakhale yonse.

Pali chitetezo china chimene ambiri sachidziwa. Gawo 103 la lamulo la National Credit Act limati pamene munthu watsalira m'mbuyo, chiwongoladzanja ndi zolipiritsa zina zonse zimene zikuwonjezereka panthawiyo siziyenera kupitirira ndalama zenizeni zimene zinali zitatsala pamene anayamba kulephera. Ngati zinatsala R6,000, zowonjezerazo sizingapitirire R6,000 ina. Khothi la apilo la Supreme Court of Appeal linatsimikiza tanthauzo limeneli mu 2011. Koma mu 2021 khothi lomweli linagamula kuti chitetezochi sichiphimba ndalama za maloya nkhani ikalowa m'khothi, ndipo sichigwira ntchito chigamulo chikaperekedwa.

Amene ngongole yawo ili ndi inshuwalansi ayeneranso kuwerenga mapepala awo. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu August 2017 amati inshuwalansi yotere ilipire ngongole munthu akamwalira kapena akalumala kotheratu, ndipo imulipirire mpaka miyezi 12 akachotsedwa ntchito chifukwa chochepetsa antchito.

Lamulo la zaka zitatu

Lamulo la 1969 limati ngongole wamba imatha mphamvu pakapita zaka zitatu kuchokera pa tsiku limene inayenera kulipiridwa. Maloya amakutcha kutha mphamvu kumeneku kuti prescription. Ngongole za pa khadi, za m'masitolo, za lamya ndi ngongole zopanda chikole zili m'gulu limeneli. Maganizo a lamuloli ndi akuti mwini ndalama sayenera kugona pa ufulu wake mpaka kalekale, chifukwa pakapita nthawi mapepala amasowa, mboni zimamwalira ndipo choonadi chimavuta kuchipeza.

Si ngongole zonse zimene zimatha m'zaka zitatu. Ngongole ya nyumba imene ili ndi chikole cholembetsedwa, ngongole ya msonkho, ndi ngongole iliyonse imene khothi laiperekera chigamulo zimatenga zaka 30.

Pali zinthu ziwiri zimene zimadukiza kuwerenga kwa zaka zitatuzo. Choyamba ndi kuvomereza ngongole, kaya ndi pakamwa, m'kalata, kapena mwa zochita monga kulipirako pang'ono kapena kupempha kuti aonjezere nthawi. Munthu akavomereza zaka zitatu zisanakwane, kuwerenga kumayambiranso pachiyambi. Chachiwiri ndi chisamani cha ku khothi chimene chaperekedwa kwa wokongola motsatira lamulo. Makalata oopseza, mauthenga a pa lamya ndi kuimbiridwa kawirikawiri sizidukiza kanthu ngati wokongolayo sanavomereze.

Kwa zaka zambiri lamuloli linali ndi chibowo. Khothi silinkaloledwa kudzutsa lokha nkhani ya kutha mphamvu kwa ngongole, koma linkadikira kuti wokongola anene yekha. Chifukwa chakuti ambiri sankadziwa, panabuka malonda ogula ngongole zakale kumabanki ndi m'masitolo pamtengo wotsika kwambiri, n'kumazitolera zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja. Nyumba ya malamulo inatseka chibowochi ndi gawo 126B, limene linayamba kugwira ntchito pa 13 March 2015. Gawoli limaletsa kugulitsa ngongole imene yatha mphamvu, ndipo limaletsa kupitiriza kuitolera kapena kuidzutsanso ngati wokongola wanena kuti yatha mphamvu, kapena ngati akanatero akanadziwa. Ngongole yotere siyeneranso kutumizidwa kumakampani osunga mbiri.

Chitetezo cha gawo 126B ndi cha ngongole zimene zili pansi pa lamulo la National Credit Act. Ndipo lamulo la 1969 limanenabe kuti ndalama zimene munthu wapereka pa ngongole yotha mphamvu zimatengedwa ngati malipiro enieni. Choncho kuzibwezetsa n'kovuta kuposa kukana kulipira poyamba pomwe.

Chenjezo kwa obwerera kumudzi

Pali gawo lina la lamulo la 1969 limene likukhudza mwachindunji anthu ochokera m'maiko oyandikana ndi South Africa. Gawo 13 limati ngati wokongola ali kunja kwa dzikoli, zaka zitatuzo sizingakwane mpaka patapita chaka chimodzi chibwererereni. Izi zikutanthauza kuti munthu amene anasiya ngongole ku Johannesburg, n'kukakhala ku Mzimba, Chipata kapena Tete kwa zaka zisanu, asaganize kuti ngongoleyo inafa iye ali kumudzi. Akabwerera ku South Africa, mwini ndalama amakhalabe ndi chaka chathunthu choti amusumire.

Vuto lina ndi la keyala. Posaina mgwirizano wa ngongole, munthu amalemba malo amene makalata a lamulo azitumizidwa. Akasamuka osadziwitsa wobwereketsa mwa kalata, chisamani chikhoza kuperekedwa pa malo akalewo ndipo lamulo n'kuona kuti chafika. Mlandu ukazengedwa iye palibe, chigamulo chimaperekedwa, ndipo ngongole imene ikanatha m'zaka zitatu imasanduka ya zaka 30. Munthuyo amadzazindikira pamene akufuna ngongole ina kapena pamene malipiro ake ayamba kudulidwa.

Nkhani ikafika ku khothi

Wobwereketsa sangathamangire ku khothi tsiku limene munthu waphonya kulipira. Lamulo limati wokongola akhale atatsalira m'mbuyo kwa masiku 20 ogwira ntchito, ndipo atumiziridwe kalata ya gawo 129 yomuuza kuti akhoza kupita kwa mlangizi wa ngongole kapena kwa mkhalapakati. Payenera kudutsa masiku 10 ogwira ntchito kalatayo itaperekedwa. Kalata imeneyi si yoponya pansi pa bedi, chifukwa ndi mpata womaliza wokambirana.

Njira imodzi imene lamulo linatsegula mu 2007 ndi yopita kwa mlangizi wa ngongole wolembetsedwa. Mlangiziyo amawerengera malipiro a munthu ndi zofunika pa moyo wake, n'kukonza ndondomeko yatsopano yolipirira imene imatsimikizidwa ndi khothi kapena bwalo la National Consumer Tribunal. Malinga ngati munthuyo akutsatira ndondomekoyo, katundu wake salandidwa. Koma saloledwa kutenga ngongole ina kufikira atalandira chikalata chosonyeza kuti wamaliza, ndipo ntchito ya mlangiziyo ndi yolipira. Njirayi siithandiza pa ngongole imene wobwereketsa wayamba kale kuitengera ku khothi.

Chigamulo chikaperekedwa, mwini ndalama akhoza kupempha kuti azidula ndalama kumalipiro a wokongola. Kale chilolezo chotere ankasaina ndi akalaliki a khothi popanda majisitireti kuona ngati munthuyo atsala ndi chodyera, ndipo nthawi zina chinkatengedwa m'makhothi akutali kwambiri ndi kumene munthuyo akukhala. Nkhani ya ngongole zopanda chikole ndi kudula malipiro inamveka kwambiri pambuyo pa zimene zinachitika ku Marikana pa 16 August 2012, pamene apolisi anapha anthu 34 ogwira ntchito mu mgodi amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro okwera. Zinadziwika kuti ambiri mwa ogwira ntchito m'migodi ya m'deralo anali omira m'ngongole.

Mu July 2015, pa mlandu umene anabweretsa ndi ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo ya pa yunivesite ya Stellenbosch m'malo mwa antchito olandira malipiro ochepa, jaji Siraj Desai wa khothi lalikulu ku Western Cape anagamula kuti mchitidwewu ndi wosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Khothi la Constitutional Court linagwirizana ndi mfundo yaikulu ya chigamulochi mu September 2016. Lamulo limene linatsatira, lomwe linayamba kugwira ntchito mu August 2018, limati chilolezo chodula malipiro chiperekedwe ndi khothi litaona kuti n'chachilungamo, ndipo ndalama zonse zodulidwa mwa njira imeneyi zisapitirire 25 peresenti ya malipiro enieni a munthu.

Lamya ikalira

Safunsa anadya phula. Munthu amene waimbiridwa za ngongole yakale ayenera kufunsa asanayankhe. Afunse dzina la woimbayo ndi kampani yake, ndiponso ngati analembetsa ku bungwe la Council for Debt Collectors, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Apemphe kuti amutumizire mwa kalata dzina la mwini ngongole woyamba, mgwirizano umene anasaina, sitetimenti yosonyeza tsiku limene analipira komaliza, ndi umboni wa chisamani kapena chigamulo ngati chilipo. Anene momveka kuti sakuvomereza ngongole iliyonse kufikira ataona mapepalawo. Makampani ambiri amajambula mawu a pa lamya, ndipo mawuwo akhoza kukhala umboni.

Mapepala akasonyeza kuti padutsa zaka zitatu popanda kulipira, kuvomereza kapena chisamani, ndipo munthuyo anali m'dzikomo, alembe kalata yonena kuti ngongoleyo inatha mphamvu, asunge kope lake, ndipo aone ngati yachotsedwa m'kaundula. Akasonyeza kuti ngongoleyo ikadali moyo, kubisala sikuthandiza. Ndi bwino kukambirana za kalipiridwe, kuonetsetsa kuti zowonjezera sizinapitirire malire a lamulo, ndi kulandira mgwirizano uliwonse wochotserako ndalama mwa kalata asanapereke kanthu. Akamaliza kulipira atenge kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha.

Chisamani cha ku khothi chokha ndiye sichiyenera kunyalanyazidwa, ngakhale ngongoleyo itakhala ya zaka 10. Munthu ayenera kuyankha m'masiku amene alembedwa pa chisamanicho ndi kuuza khothi kuti ngongoleyo inatha mphamvu. Osowa ndalama za loya akhoza kupita ku bungwe la Legal Aid South Africa kapena kumaofesi a zamalamulo a m'mayunivesite. Madandaulo okhudza mabanki, obwereketsa ndi makampani osunga mbiri amalandiridwa kwaulere ku ofesi ya National Financial Ombud Scheme, imene inayamba ntchito pa 1 March 2024 ataphatikiza maofesi anayi a amkhalapakati, komanso ku bungwe la National Credit Regulator.

Za obwereketsa a katapila, amene ku South Africa amawatcha mashonisa, lamulo ndi lomveka: aliyense wochita malonda obwereketsa ndalama ayenera kulembetsa, ndipo kusunga khadi la ku banki, nambala yachinsinsi kapena chiphaso cha wokongola ngati chikole ndi mlandu.

M'maiko oyandikana

Malamulo amenewa ndi a ku South Africa, ndipo sayenera kutengedwa ngati a chigawo chonse. Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo la makampani osunga mbiri ya okongola mu 2010, n'kulikonzanso mu 2016, ndipo makampaniwa, monga Credit Data CRB, amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Ntchitoyi inapepuka kalembera wa ziphaso za unzika atachitika mu 2017, popeza kale kunali kovuta kusiyanitsa anthu a mayina ofanana. Dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo lake la Credit Reporting Act mu 2018, ndipo woyang'anira ndi Bank of Zambia.

Nthawi yosumira ngongole nayo ndi yosiyana. Ku Zimbabwe ngongole wamba imatha mphamvu pa zaka zitatu monga ku South Africa. Ku Malawi ndi ku Zambia malire osumira pa mgwirizano wamba ndi zaka zisanu ndi chimodzi, chimodzimodzinso ku England. Munthu amene ali ndi ngongole m'maiko awiri ayenera kufunsa za lamulo la dziko limene ngongoleyo inatengedwa.

Lamulo la zaka zitatu sililetsa munthu kubweza ngongole imene mtima wake ukumuuza kuti abweze, ndipo silinakonzedwe kuti likhale pobisalira anthu okongola ndi cholinga chothawa. Amene angadikire dala kuti zaka zitatu zikwane amakhala akuika pachiswe dzina lake, chifukwa mwini ndalama akhoza kumusumira tsiku lililonse nthawiyo isanathe. Chimene lamuloli limapereka ndi mpata woti munthu adziwe ngati akulipira mokakamizidwa kapena mwa kufuna kwake, ndiponso ngati ndalama zimene akuuzidwazo ndi zoona. Poyambira pake ndi lipoti laulere lija, limene aliyense angaitanitse kamodzi pachaka pongosonyeza chiphaso kapena pasipoti yake.